Liwu Limene Apongozi Anga Anafewetsa

Loweruka lapitali tinapita kukalambula manda a apongozi anga, bambo Sitefano Mbewe, chifukwa chaka chakwana chiwaikire. Tinalipo anthu asanu okha: ine, amuna anga, alamu anga aakazi, mwana wathu Dalitso, ndi Che Yusufu, amene anaima chapoteropo manja ali pamimba pamene ife tinkapemphera kolona. Tsiku la maliro anthu anadzaza msewu wathu wonse ku Kapata, koma ambiri anabwera chifukwa cha dzina chabe. Owakonda anali owerengeka, ndipo eni akewo ankadziwa.

Anthu ankangowatchula kuti a Intapulita. Anagwira ntchito yomasulira m'khoti kuno ku Chipata kuyambira ali mnyamata mpaka tsitsi litayera. Woweruza akalankhula Chingelezi, iwo ankatembenuzira m'Chinyanja. Woimbidwa mlandu akayankha, iwo ankabwezera m'Chingelezi. Asanalowe ntchitoyo anakhalapo zaka zingapo ku seminale, kumene anatolako Chilatini ndi kayendedwe koika manja kumbuyo. Chimene chinawachotsa kumeneko sanatiuzepo.

Ine ndinakwatiwa m'nyumbamo iwo atapuma kale ntchito, koma tayi anali asanavule. Mmawa uliwonse ankameta ndevu, kupolisha nsapato, kumanga tayi, nkukhala pakhonde ngati munthu woyembekezera kuitanidwa. Nkhani za Chinyanja zikayamba pa wailesi nyumba yonse inkakhala chete, osati kuti ife timve za m'dziko, koma kuti iwo amve zolakwa za wowerengayo. Akapeza cholakwa ankamenya bondo ndi chala, nkunena liwu loyenera mokweza, ngati kuti munthu wa m'wailesiyo awamva nkupepesa. Kalata ya ukwati wa mwana wawo wamkazi anaibweza kawiri kwa osindikiza. Ngakhale zilengezo za kutchalitchi zomata pachitseko ankazikonza ndi bolopeni yofiira imene sinkachoka m'thumba la jekete.

Lamlungu lina kunabwera wansembe wachilendo wosadziwa Chinyanja, ndipo katekisiti wathu ndiye ankamasulira ulaliki. Wansembeyo ananena mawu olimba, akuti ena mwa okhala pa mabenchi akutsogolo adzatsalira kunja tsiku lomaliza. Katekisiti anayang'ana mabenchiwo, anaona amene anakhalapo, nangoti tonse tiyesetse kukhala Akhristu abwino. Apongozi anga anaimirira pakati pa Misa, nanena kuti abambo sananene choncho, ndipo anapereka mawuwo mmene analili, osachotsapo kanthu. Anthu onse anatembenuka kuwayang'ana. Katekisitiyo sanawapatsenso moni mpaka anasamuka, ndipo amai apongozi anga, amene nthawiyo anali moyo, anatha miyezi akupita ku Misa ya mmamawa kuthawa maso a anthu. Tinkati ndi kunyada basi. Kunyadako kunalipodi, koma sikunali kokha.

Liwu limene sankalola kuti munthu aliseweretse pakhomo pawo linali la chidani. Tsiku lina amuna anga anabwera akupsa mtima chifukwa mnansi wathu anakumba ngalande yolozetsa madzi a mvula kumpanda wathu, ndipo polowa anati munthu uja amadana naye.

"Mwana wake atagwera m'chitsime chako, ungamusiye momwemo?" anafunsa atate awo osakweza mawu.

"Ayi, atate, zimenezo ndi zina."

"Atamwalira mawa, sukakumba nawo manda?"

"Ndikakumba."

"Ndiye sudana naye. Wakukwiyitsa. Nena kuti wakukwiyitsa."

Amuna anga, bambo wa ndevu zake, anayenera kubwereza chiganizocho ngati mwana wa sukulu asanaloledwe kukhala pansi.

Anali ndi kasanjidwe kawo ka mawu amenewa, ndipo aliyense wa m'nyumbamo anakamva mpaka kukaloweza. Mkwiyo ankati ndi moto wa mapesi, umayaka msanga nkuzima msanga. Mkangano ankati ndi phokoso la anthu amene akufunanabe. Chakukhosi ndi mkwiyo wouika m'nkhokwe, ndipo chidani ndi pamene wautulutsa m'nkhokwemo nkuudzala, mpaka anthu osamwerananso madzi kapena kupalana moto. Akafika pamenepo ankatchula liwu la Chingelezi lakuti animosity, pang'onopang'ono, ngati akulawa chinthu chowawa. Ankati Angelezi ali ndi liwu lina lalifupi limene amaliwaza paliponse, munthu nkumati amadana ndi therere kapena ndi mvula ya mmawa, koma ili salitaya choncho. Limafuna anthu mbali ziwiri, kaya ndi mabanja, kaya ndi mitundu, ndipo limafuna nthawi. Ankati muzu wake m'Chilatini ndi mtima kapena mzimu, ndiye kuti ndi chidani chamoyo, chosakhala pansi, chimene ngakhale wodutsa m'njira amachiona. Sindinkamvetsa chifukwa chake munthu wokalamba ankakakamira liwu limodzi lachilendo chonchi. Ndinkayesa ndi njira yotikumbutsira kuti iwo anaphunzira.

Mnzawo anali mmodzi yekha, Che Yusufu, Msilamu wa sitolo ya zitenje pafupi ndi msika, amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Tsiku lililonse, kupatula Lachisanu ndi Lamlungu, apongozi anga ankapita kukakhala pakhonde la sitoloyo, ndipo anthu awiriwa ankayamba kukangana tiyi asanazizire. Ankakangana za Chinyanja chenicheni, kaya ndi cha kuno kaya cha kutsidya kwa malire a Mwami, za chipembedzo, za mtengo wa thonje, ngakhale panalibe mmodzi wa iwo wolima thonje. Ogula ena ankabwerera pakhomo poyesa kuti pali ndewu. Panthawi ina anatha milungu iwiri osalankhulana chifukwa cha liwu limodzi, koma apongozi anga ankapitabe kukakhala pa benchi lomwelo atafulatira, ndipo Che Yusufu ankawaikirabe kapu ya tiyi pambali osanena kanthu. Munthu wina atawafunsa chifukwa chake amadana chonchi ndi Mmwenye wakuda uja, anamuyankha kuti akanakhala kuti amadana, bwenzi akupatsana moni waulemu.

Chaka changa choyamba m'banjamo, mvula itayandikira, ndinatuluka mmawa kukasesa ndipo ndinapeza thumba la feteleza pageti, litang'ambidwa ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka pansi, feteleza atamwazika m'fumbi. Ndinathamangira kukauza amai apongozi anga, poganiza kuti ndi zamankhwala. Iwo anangoti ndibwerere m'nyumba. Ndili pazenera ndinaona a Intapulita, ndi tayi yawo, atagwada pageti akuwola fetelezayo ndi manja. Chaka chotsatira zinachitikanso, ndi chinacho. Amuna anga ankangodziwa kuti atate awo amatumiza feteleza kwa mayi wina wamasiye ku Chiparamba, ndipo amabwezedwa. Anthu oyandikana nafe anapeka nkhani yawo, yoti kunali mwana wa kutchire. Apongozi anga anaimva ndipo sanaitsutse. Pambuyo pake ndinazindikira kuti bodzalo linkawapepukira kuposa zoona zake.

Zoonazo ndinazimva amai apongozi anga atamwalira, a Intapulita atagwidwa ndi matenda a shuga. Miyendo inatupa, makutu anagontha, ndipo mwambo woti mpongozi sayandikira apongozi ake aamuna unatha wokha, chifukwa panalibe wina wowasambitsa mapazi. Mmawa wina ndili chogwada ndi beseni, anandifunsa ngati ndikudziwa chikeyi. Ndinagwedeza mutu kuvomera, chifukwa ndinakulira kumudzi: kamtengo kolowetsa m'goli kuti khosi la ng'ombe lisapulumuke.

"Munthu wina anapha mlamu wake ndi chikeyi," anatero. "Ine ndinamupha iyeyo ndi liwu."

Munthuyo anali Lufeyo Sakala, mlimi wa ku Chiparamba. Anakwatira mkazi dzina lake Tikambenji, ndipo mlongo wake wa Tikambenji, Gabiriyele, ankakhala nyumba yoyandikana nawo. Aliyense wa alamu awiriwa anali ndi ng'ombe imodzi yolimira, choncho ankaziphatikiza m'goli limodzi, ndipo chaka chilichonse mvula ikagwa ankakangana kuti ayambe munda wa yani. Ankakangananso za fodya, za mbuzi, za njinga, kenako nkukadyera mbale imodzi. Tsiku latsokalo mkangano unakula ali kumunda. Gabiriyele anamukankha, Lufeyo anagwa, podzuka anali ndi chikeyi m'manja ndipo anamenya kamodzi, pafupi ndi khutu. Iye yemweyo ndiye anamangirira ng'ombe kungolo nkumuthamangitsira kuchipatala. Gabiriyele anamwalira panjira, mutu uli pamiyendo ya mlamu wake.

Lufeyo sanakane kuti anamenya. Chimene khoti linkafuna kudziwa chinali chakuti anapha mwadala, ndi mtima wokonzekera, kapena linali dzanja lothamanga pa mkwiyo. Choyambacho masiku amenewo chinali cha chingwe, kunyongedwa. Chachiwiricho chinali cha zaka zowerengeka, munthu nkubwerera kwa ana ake.

"Loya wa boma anafunsa m'Chingelezi ngati panali animosity pakati pa iye ndi malemuyo," anatero apongozi anga. "Ndinali nditaima kuyambira mmawa. Ndinamuyang'ana munthuyo, milomo itauma, ndipo liwu loti chidani linandilemera pakamwa. Ndinamumvera chisoni. Ndinamufunsa kuti, kodi munkayambana ndi mlamu wanuyo? Iye anati, ee bwana, pafupifupi tsiku lililonse. Loya anafunsa kuti kuyambira liti. Iye anati kuyambira pamene anakwatira mlongo wake. Ine ndinatembenuka nkuuza khoti kuti inde, zinalipo, kwa zaka zambiri. Ndinaona cholembera cha woweruza chikuyenda, ndipo ndinadziwa pomwepo chimene chalembedwa."

Ndinawafunsa, mokuwa kuti amve, chifukwa chake sanakonze nthawi yomweyo.

Anati mmawa wa tsiku lomwelo loya wachinyamata woimira Lufeyo, mlendo kuno, wodziwa Chinyanja cha m'tauni chokha, anayesa kuwakonza pa liwu lina. Iwo anamuyankha pamaso pa onse kuti zaka zonse zimene agwira ntchito palibe amene anawabwezerapo liwu, ndipo khoti linaseka. Mnyamatayo anakhala pansi ndipo sanatsegulenso pakamwa pa nkhani ya kumasulira.

"Ndikanaimirira bwanji masana omwewo nkunena kuti ndalakwitsa? Ndinati ndikonza mawa. Mawa lake ndinati mwina sizikhala ndi kanthu."

Zinakhala ndi kanthu. Tsiku lachigamulo woweruza ananena kuti woimbidwa mlandu wavomera ndi pakamwa pake kuti panali animosity ya zaka zambiri, ndipo liwulo linabwera katatu m'chigamulocho. Apongozi anga ndiwo ankamasulira. Anandiuza kuti choyamba chija chinali kuterereka kwa lilime, koma ichi anachichita akudziwa. Akananena kuti chidani, Lufeyo akanatsutsa pomwepo, ndipo zonse zikanaululika. Choncho katatu konse anati kuyambana. Lufeyo ankangogwedeza mutu kuvomereza, mpaka anamva za chingwe. Pamenepo anatembenukira kwa iwo, osati kwa woweruza, nafunsa motsitsa mawu kuti, bwana, kodi kuyambana ndi mlamu wako ndi mlandu wonyongera munthu? Funso limenelo sanalimasulire. Apolisi anali atamugwira kale mkono.

Potuluka anapeza amai Tikambenji akuwadikira pansi pa mtengo, mwana kumsana. Mayiwo anawagwadira nawathokoza, akuti mwa anthu onse a m'khotimo iwo okha ndiwo analankhula ndi amuna awo ngati munthu. Anapempha ngati angamawalembereko makalata, popeza iwo sanapite kusukulu. Apongozi anga anavomera.

Lufeyo anamutengera kundende yaikulu ku Kabwe. Apilo inalephera, chifukwa oweruza akumeneko anawerenga zimene zinalembedwa kuno. Patapita zaka chilango cha chingwe chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse. Nthawi yonseyo amai Tikambenji ankabwera ku Kapata, nthawi zina pa lole, nthawi zina wapansi, atasenza mtedza, maungu, kapena nkhuku yomanga miyendo. Ankakhala pamphasa, apongozi anga nkuwalembera zimene akunena ndi kuwawerengera zimene zabwera. Makalata a Lufeyo, olembedwa ndi mkaidi mnzake, ankafunsa za ng'ombe, za ana, za mkazi wamasiye wa Gabiriyele, ndipo onse ankatha ndi moni kwa a Intapulita.

"Munalibe njira yokanenera kukhoti, iye adakali moyo?" ndinafunsa.

"Inalipo. Ndinkaidziwa kuposa wina aliyense." Anayang'ana mapazi awo m'madzi. "Ndinkaopa ntchito. Ndinkaopa dzina."

Loya wina wopuma, amene anamufotokozera nkhaniyi mophiphiritsa, anawauza kuti mwina chigamulo chikanakhala chomwecho ngakhale popanda liwulo. Iwo ankati liwu loti mwina ndi bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda.

Kenako kunabwera kalata yosalembedwa ndi mkaidi. Lufeyo anali atamwalira ndi chifuwa, ndipo anaikidwa komweko. Apongozi anga anawawerengera mayiwo kalatayo liwu ndi liwu. Patatha miyezi itatu anakwera lole kupita ku Chiparamba, anapeza amai Tikambenji akusenda mtedza pakhonde, ndipo anawauza zonse ataimirira. Mayiwo sanasiye kusenda. Atamaliza lichero lonse anadzuka, analowa m'nyumba, natseka chitseko. Chaka chimenecho ndi pamene apongozi anga anayamba kutumiza feteleza. Wobweza anali mwana wamkulu wa Lufeyo, pa njinga.

"Taganizani, amake Dalitso. Thumba lolemera lija, mtunda wonse uja, zitunda zonse zija, munthu amene munda wake ukufuna fetelezayo, kungoti adzaling'ambire pageti panga. Ndi animosity imeneyo. Chidani chopalasa njinga."

Sanaseke ponena zimenezo, ndipo inenso sindinaseke. Madzi a m'beseni anali atazizira.

Mwezi wa Ogasiti wa chaka chimene anamwalira anandiuza kuti akufuna kukaonana ndi amai Tikambenji komaliza. Amuna anga anakana kuwaperekeza, akuti sangapite kukaonerera atate awo akutukwanidwa. Ndinapita ndine, pa takisi ya mnyamata wa m'dera lathu. Kunali mphepo, minda ili mbee, mapesi a thonje ataunjikidwa kudikira moto. Apongozi anga anavala suti yawo yakuda, imene tsopano inkawalendewera m'mapewa, ndi masilipasi chifukwa nsapato sizinkalowanso.

Tinapeza amai Tikambenji atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pobisalira mphepo. Anali gogo wochepa thupi, maso oyamba kuchita mtambo, kolona m'khosi. Mwana wawo, wa njinga uja, tsopano bambo wa imvi, anatulutsa mipando iwiri mwaulemu wonse nkukaima patali. Amaiwo anandipatsa moni ine, anafunsa za kunyumba, za ana, za ulendo. Mdzukulu anabweretsa madzi m'kapu imodzi, nandipatsa ine. Apongozi anga sanakhale pampando. Anayesa kugwada, miyendo inakana, ndipo anangodzigwetsa pansi m'fumbi, chipewa m'manja.

"Amai," anatero ndi mawu okwera a munthu wosamva, "ndabwera kudzapepesa ndisanafe. Ndinalakwira amuna anu, ndinakulakwirani inu ndi ana anu."

Amai Tikambenji sanawayang'ane. Anayang'ana ine, nalankhula motsitsa kwambiri.

"Muwauze apongozi anuwo kuti ndamva. Muwauze kuti mlongo wanga ndinamulira ndipo ndinatonthola, chifukwa anafa ndi dzanja la munthu womukonda. Amuna anga ndinawalira, ndipo mwina tsiku lina ndikanatonthola. Koma ndimati ndikakumbukira mtedza wanga umene ndinkasenza kupita nawo ku Kapata, ana anga akudya ndiwo zopanda nsinjiro, ine ndikugwada, iwo akulandira ndi manja awiri, tulo timandithawa. Zaka zonse zija amuna anga anali moyo, ndipo cholembera chinali m'manja mwawo. Muwauze kuti ndimadana nawo. Ndimakalapa kwa ansembe, ndikatuluka ndimapeza chidanicho chikundidikira pakhomo la tchalitchi. Sindikuwakhululukira, ndipo akafa sindidzabwera."

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi anga.

Ndinawayang'ana ali pansi paja, suti itadzaza fumbi, mapazi otupa atatuluka m'masilipasi. Ndinawerama pakhutu lawo nkukuwa kuti, "Akuti mtima wawo udakali kuwawa, atate."

Anandiyang'ana nkhope, kenako anayang'ana milomo ya amai aja.

"Sananene choncho. Alankhula nthawi yaitali, inu mwandipatsa mawu anayi. Nenani mmene anenera, amake Dalitso."

Ndinayamba poyambirira. Popeza sankamva, chilichonse ndinayenera kuchikuwa: za mlongo, za mtedza, za nsinjiro, za cholembera. Azimayi amene ankasinja kunyumba yapafupi anasiya misi. Nditafika pa mawu oti ndimadana nawo, mawu anga anatsika ndipo sanamve, choncho ndinabwereza. Ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse ngati akuchonga. Amai Tikambenji ankamvetsera nawonso, ndipo pamene ndinadumpha zoti sadzabwera pamaliro, anandikumbutsa.

Nditamaliza, apongozi anga anati, "Zikomo, amai. Ndamva." Dalaivala ndi ine tinawadzutsa. Mwana wa Lufeyo sanasunthe pamene anaima. Amaiwo ananditsanzika ine ndekha, nati ndiyende bwino ndipo ndikapereke moni kwa ana.

Tinakwera galimoto nkuyenda mpaka tinafika pa tala. Pamenepo, osandiyang'ana, anati, "Mwaona mmene zimayambira? Umangofuna kumuchitira munthu chifundo."

Sindinganene kuti ulendowo unawapeputsa. Anabwerera ali chete kuposa kale, anasiya kumvera wailesi, ndipo kwa Che Yusufu sanapitenso chifukwa miyendo sinkalola. Che Yusufu ndiwo ankabwera, kutseka sitolo masana, nkumawakuwira m'khutu nkhani zoputa dala, zoti Chinyanja cha ku Chipata ndi Chichewa chothyoka mwendo. Masiku ena ankayankha. Masiku ambiri ankangowayang'ana. Anamwalira patatha miyezi iwiri, masana a Lachitatu, ine ndikuanika zovala. Wansembe anali atabwera dzulo lake, ndipo zimene anakambirana sindizidziwa.

Amai Tikambenji anasunga mawu awo. Uthenga wa maliro tinatumiza, ndipo ku Chiparamba sikunabwere munthu. Ena amene anamva nkhaniyi amati gogoyo ndi wouma mtima, munthu wovala kolona sangatero. Ine sindiyankhapo. Ndinawasambitsa apongozi anga zaka zitatu ndipo ndinawalira moona, koma ndinakhalanso pamphasa ija nkuona manja a mayi amene anasenda mtedza uja. Pamanda Loweruka lija Che Yusufu anandifunsa ngati ku Chiparamba kunamvekako kanthu. Ndinati ayi. Kenako anati chaka chonsechi palibe amene wawatsutsapo pa chilichonse, ndipo aona kuti akukalamba msanga.

Chipinda cha apongozi anga chili kumapeto kwa nyumba, zenera lake loyang'ana kuphiri. Matiresi tinapereka, patsala bedi lachitsulo ndi mawaya ake. Pakhoma pali banga lakuda, pamene mutu wawo unkatsamira zaka zomalizazo, ndipo laimu tapaka kawiri koma likuonekerabe. Pasimenti yofiira pali timaenje tinayi ta miyendo ya mpando. Alamu anga akufuna kuikamo makina osokera, amuna anga akuti tipeze wobwereka, koma palibe amene wasunthapo kanthu, ndipo mavu amanga chisa pakona ya zenera. Ndimalowamo Loweruka lililonse kukakolopa. Pansi pamauma msanga, chifukwa dzuwa limalowa nkufika mpaka kukhoma linalo popanda chokumana nacho.